Mzere Wofiira: Kompyuta, Magazini ya Ophunzira ndi Ziyankhulo za ku Migodi ya Rustenburg

M'sukulu zambiri za kummwera kwa Africa muli chikhulupiriro chimene chidazika mizu mwakachetechete, ndipo poti palibe amachitchula poyera, palibenso amachitsutsa. Chikhulupirirochi n'chakuti kompyuta imamva Chingerezi chokha, kotero wofuna kuiphunzira ayenera kusiya chiyankhulo chake pakhomo ngati nsapato zamatope. Mphunzitsi sachita kunena zimenezi ndi pakamwa pake. Makina ndiwo amamunenera. Wophunzira akalemba chiganizo cha Chichewa kapena Chitswana pa kompyuta yotcheredwa m'Chingerezi, pansi pa liwu lililonse pamatuluka mzere wofiira wosonyeza kuti walakwitsa. Pofika kumapeto kwa ndime, tsamba lonse limakhala litafiira. Mwanayo amatuluka m'kalasi atamva phunziro limene silili m'silabasi iliyonse, lakuti chiyankhulo cha amayi ake, pamaso pa nzeru zamakono, ndi cholakwa chofunika kukonza.

Nkhani ino ikutsutsa chikhulupiriro chimenechi pamodzi ndi kaphunzitsidwe kamene kamachokera mwa icho. Mfundo yake ndi imodzi. Luso la zipangizo zamakono limakhazikika m'mutu ndi m'zala pamene ophunzira akukonza chinthu chenicheni choti anthu enieni awerenge, ndipo mwa zinthu zotere palibe choposa magazini ya ophunzira yolembedwa m'ziyankhulo zimene amayankhula kwawo. Dera la migodi ya pulatinamu la Rustenburg, ku South Africa, ndilo launikidwa pano chifukwa kumeneko dziko lonse lidaona chimene chimachitika anthu akasowa polembera mawu awo.

Dera la ziyankhulo zambiri

Rustenburg ili m'chigawo cha North West. Dziko la South Africa limakumba pafupifupi magawo 70 mwa magawo 100 alionse a pulatinamu wa padziko lonse, ndipo wambiri amachokera m'migodi yondandalikana kuyambira ku Rustenburg kulowera ku Brits. Eni nthaka ndi Atswana, monga Abafokeng a ku Phokeng, koma migodiyo idakoka Axhosa a ku Eastern Cape, Asotho a ku Lesotho ndi Atsonga a ku Mozambique. Amalawi njira ya ku Joni adaidziwa kalekale. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya dzikolo, makamaka ya golide, kudzera ku Wenela. Ndege itagwa ku Francistown pa 4 Epulo 1974 n'kupha Amalawi 74 obwerera kwawo, boma la Dr. Banda lidaimitsa ulendowo. Udayambiranso mu 1977 pansi pa Theba, n'kuthera mu 1988 pa mkangano woyeza kachirombo ka HIV. Masiku ano Amalawi amapita okha pa basi, ndipo amapezeka m'matauni ambiri, a kumigodi omwe, akugwira ntchito za m'nyumba, zomanga, zosoka ndi za m'masitolo. Ana awo amakhala pa desiki limodzi ndi ana a Atswana ndi Axhosa.

Pansi pa nthaka, eni migodi adathetsa vuto la kusamvana pogwiritsa ntchito Fanakalo, chiyankhulo chosakaniza chimene mawu ake ambiri ndi a Chizulu. Matchona a ku Zimbabwe adadziwa mbale wake, Chilapalapa. Wolembedwa ntchito watsopano ankachiphunzitsidwa mofulumira asanatsikire kumgodi, ndipo ankapatsidwa mawu okwanira kumvera kapitawo: nyamula, boola, fulumira, ima. N'zoona kuti ogwira ntchito adachitembenuza n'kuchisandutsa chomvanirana pakati pawo, ngakhale pa misonkhano yawo ya sitalaka. Komabe cholinga cha ochiphunzitsa chidali chakuti munthu amve lamulo.

Tsono wowerenga alowe m'chipinda cha makompyuta cha sukulu ndi kumvetsera. Wophunzira waloweza mawu a Chingerezi okwana kutsegulira, kusungira ndi kusindikizira fayilo. Akukopera ndime ya m'buku imene sadailembe, yopita kwa munthu amene kulibe, kuti mphunzitsi aone ngati wadetsa mutu wa nkhani ndi kuika malire oyenera. Kusiyana kwa mwanayu ndi agogo ake amene adaloweza Fanakalo n'kochepa. Onse awiri apatsidwa chiyankhulo chongokwana kumvera, agogowo kapitawo, mdzukuluyo makina. Amene amatcha zimenezi kukonzekeretsa achinyamata za m'tsogolo akungomanga komponi yakale ndi njerwa zatsopano.

Phunziro la Marikana

Pa 16 Ogasiti 2012 apolisi adawombera ndi kupha anthu 34 ogwira ntchito pa mgodi wa Lonmin ku Marikana, amene ankanyanyala ntchito pofuna malipiro a R12,500 pamwezi. A Jane Duncan, amene pa nthawiyo ankaphunzitsa utolankhani pa Rhodes University, adasanthula nkhani za m'nyuzipepala za masiku ozungulira tsokalo. Adapeza kuti mwa anthu 100 alionse amene atolankhani adawagwira mawu, atatu okha ndiwo adali ogwira ntchito mumgodi. Ena ambiri adali a malonda, akuluakulu a migodi, andale, boma, apolisi ndi atsogoleri a mabungwe. Zidatengera gulu la ofufuza la a Peter Alexander ndi mtolankhani Greg Marinovich, amene adapita kukamva kwa opulumukawo, kuti dziko lidziwe kuti theka la ophedwawo, anthu 17, adafera pamalo ena, pakaphiri kakang'ono kutali ndi makamera.

Anthu aja sadali osalankhula, ndipo mafoni adali nawo. Chimene chidasowa ndi njira yoti mawu awo, m'ziyankhulo zawo, afike pa tsamba losindikizidwa popanda kudutsa mwa womasulira wa bwana. Kukhala ndi chipangizo m'thumba n'kosiyana ndi kudziwa kufunsa mboni, kulemba zimene yanena, kutsimikiza tsiku ndi dzina, ndi kufalitsa. Luso lachiwirili ndilo magazini ya ophunzira imaphunzitsa.

Dera lomweli lili ndi chitsanzo chosonyeza kuti zimatheka. Bungwe la mipingo la Bench Marks Foundation lidakhazikitsa sukulu yophunzitsa achinyamata a m'madera a migodi, ndi a ku Rustenburg omwe, kuti azilondoloza zimene zikuchitika kwawo. Achinyamatawa sadayambe ndi buku lofotokoza ziwalo za kompyuta. Adayamba ndi fumbi, madzi oipa, nyumba zong'aluka ndi kusowa kwa ntchito. Adalemba, adajambula, ndipo nkhani zawo zidatuluka m'kalata yotchedwa Action Voices. Kompyuta, kamera ndi intaneti adaziphunzira pakati pa ntchitoyo chifukwa nkhani inkadikira kutuluka. Chodandaulitsa n'chakuti zolemba zawo zambiri zidatuluka m'Chingerezi, pofuna kufikira akuluakulu a makampani ndi a boma. Chifukwacho n'chomveka, koma gogo wa ku Nkaneng amene fumbilo likumutsokomoletsa adatsala kunja kwa tsamba lonena za iye mwini. Theka la ntchito lidachitika; theka linalo ndi la aphunzitsi a ziyankhulo.

Chimene magazini imaphunzitsa

Ophunzira khumi atapatsidwa ntchito yotulutsa magazini ya masamba 16 pakutha pa teremu amakumana ndi mavuto amene palibe silabasi ingawakonzere bwino chomwecho. Wina ayenera kujambula mawu a munthu wachikulire pa foni, kuwasamutsira pa kompyuta ndi kuwalemba liwu ndi liwu. Wina ayenera kuchepetsa kulemera kwa zithunzi kuti fayilo ithe kutumizika bandulo isanathe, komanso kupempha chilolezo kwa ojambulidwa. Wina awerengetse mtengo wa mapepala ndi inki, n'kuzindikira kuti masamba opinda pakati amayenda anayianayi, kotero nkhani ikasefukira pa tsamba la 17 ndiye kuti pafunika masamba 20 kapena mpeni wa mkonzi. Magetsi akazima ntchito isanasungidwe, gulu lonse limaphunzira tsiku lomwelo kusunga fayilo pamalo awiri, ndipo siliiwalanso. Mphekesera ikabwera pa WhatsApp, mkonzi wa zaka 17 ayenera kufunsa kuti wanena ndani, liti, ndipo watsimikiza ndani, chifukwa dzina lake likhala pa tsamba.

Zonsezi zingaphunziridwe m'magazini ya Chingerezi. Koma pali maphunziro ena ozama amene amabwera pokhapokha chiyankhulo cha wophunzira chikagundana ndi makina. Woyamba ndi mzere wofiira uja. Wophunzira akafunsa chifukwa chake, amapeza kuti pulogalamu ikuyerekeza mawu ake ndi mndandanda wa mawu a Chingerezi umene munthu wina adaikamo. Kuti chiyankhulo chounikira chingasinthidwe. Ndiponso kuti iye mwini angaonjezere mawu pamndandandapo. Tsiku limenelo amasiya kuona kompyuta ngati woweruza n'kuyamba kuiona ngati chipangizo chimene anthu adakonza ndipo anthu angachikonzenso. Palibe phunziro la tekinoloje loposa limeneli.

Akayamba kuonjezera mawu, amakumana ndi galamala maso ndi maso. Mneni mmodzi wa Chichewa amabala maonekedwe osawerengeka, chifukwa mwininkhani, nthawi, pamtherankhani ndi kukana zonse zimamatirira ku tsinde, monga m'liwu loti sitidzawaonanso. Mndandanda wamba sungakwanitse. Pafunika malamulo a aphatikiri. Mnzake wa Chitswana amapeza kuti chimene Mchewa amalemba m'liwu limodzi, ndimakukonda, iye amachilemba m'mawu anayi, ke a go rata, ngakhale ziyankhulo ziwirizi zili za banja limodzi. Kusiyanaku kudachokera kwa anthu amene adakhazikitsa kalembedwe, ndipo ana awiriwa angakuzindikire okha pamene akukangana za kutalika kwa nkhani zawo.

Poyala nkhani m'mizati yopapatiza pamatuluka vuto lina. Pulogalamu yotcheredwa m'Chingerezi imadula liwu potsata maphatikizo a Chingerezi, mwina mphun- pamzere wina ndi -zitsi pamzere wotsatira, pamene phatikizo la Chichewa limathera pa lembo la liwu: mphu-nzi-tsi. Nkhodolero ya m'mawu ngati ng'ombe ndi m'mudzi imasokoneza mapulogalamu ena, amene amaitenga ngati malire a liwu. Lembo la ŵ, limene ena amalemba m'dzina la Malaŵi ndipo ena adalisiya, silioneka pa kiyibodi wamba, monganso š wa m'liwu la Chitswana loti setšhaba. Wophunzira ayenera kulifufuza m'ndandanda wa Unicode, ndipo gulu la akonzi liyenera kugwirizana ngati lililemba kapena ayi. Mgwirizanowo ukalembedwa pa pepala limodzi loti onse atsate, anawo achita m'kalasi mwawo ntchito imene Chichewa Board idapatsidwa mu 1972 ndipo Centre for Language Studies idaitenga mu 1996. Malamulo a kalembedwe amene ankaloweza chifukwa cha mayeso asanduka chida chothetsera mkangano weniweni.

Njirayi si yachilendo

Otsutsa asanene kuti izi ndi maloto a ophunzira kwambiri. M'chigawo chomwechi, ku Mafikeng, nyuzipepala ya Koranta ea Becoana idayamba mu 1901, ndipo a Sol Plaatje adaikonza m'Chitswana ndi m'Chingerezi pa makina osindikizira a nthawi imeneyo. Makinawo adali ochokera kunja monga momwe kompyuta ilili, koma a Plaatje sadadikire kuti wina awauze ngati Chitswana chikuyenera kulowamo. Ku Malawi, gulu la alembi la pa Chancellor College, limene lidayamba mu 1970 ndipo mudali a Jack Mapanje, a Lupenga Mphande ndi a Frank Chipasula, lidatulutsa Odi, magazini ya Chichewa ndi Chingerezi, komanso The Muse. Zipangizo za m'badwo umenewo zidali taipilaita ndi sitensulo, ndipo palibe adachita digiri ya sitensulo asanayambe kulemba. Boma lidadziwa mphamvu ya timapepala totere kuposa momwe aphunzitsi ena a lero amaidziwira: kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ophunzira ena adachotsedwa pakolejipo chifukwa cha zimene Chirunga Newsletter idalemba. Munthu sachotsedwa sukulu chifukwa chokopera ndime ya m'buku.

Zonena za otsutsa

Choyamba amati ntchito zimapezeka m'Chingerezi, kotero kutaya nthawi ndi Chichewa kapena Chitswana n'kulakwira mwana wa mmphawi. Maganizo omwewa ndiwo adachititsa boma la Malawi kulengeza mu 2014 kuti Chingerezi chikhale chophunzitsira kuyambira Sitandade 1. Palibe akuti Chingerezi chichotsedwe. Magazini ya Odi idali ndi ziyankhulo ziwiri. Koma luso loyala tsamba, kukonza chithunzi, kufufuza nkhani ndi kusunga nthawi silisintha posintha chiyankhulo, ndipo limagwirika msanga pamene mwana sakulimbana ndi zinthu ziwiri zachilendo pakamodzi. Wolemba ntchito wanzeru angasankhe mnyamata amene wabwera ndi magazini zitatu zimene adakonza kusiyana ndi wobwera ndi satifiketi yongonena kuti adakhalapo m'chipinda cha makompyuta.

Chachiwiri amati ziyankhulozi zilibe mawu a zinthu zamakono. Anthu amene amanena kuti kompyuta, foni, bandulo ndi netiweki tsiku lililonse pamsika sadadikire komiti. Chiyankhulo chimabwereka, chimaumba, chimasankha, ndipo chimatero pokhapokha chikugwiritsidwa ntchito. Kuchiletsa kulowa m'chipinda cha makompyuta kenako n'kuchinena kuti sichidziwa za m'chipindamo ndi kumanga mbuzi miyendo n'kuitukwana kuti ndi yaulesi.

Chachitatu amati ndalama palibe. Mapulogalamu a LibreOffice ndi Scribus ndi aulere, foni ili ndi kamera ndi chojambulira mawu, ndipo magazini ingayende ngati PDF isanaone pepala. Komanso m'dera la Rustenburg ndalama zilipo. Lamulo la migodi la 2002 limakakamiza makampani kukhala ndi mapulani otukulira madera owazungulira. Vuto ndi kawerengedwe ka zotsatira. Lonmin idalonjeza nyumba 5,500 koma idamanga zitatu, monga momwe zidaululikira pa kafukufuku wa komiti ya Farlam. Kumene malonjezo amayezedwa motere, chipinda cha makompyuta chimawerengedwa pa tsiku lodula riboni, n'kuiwalika. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Wopereka thandizo afunse kuti m'chipindamo mwatuluka magazini zingati, m'ziyankhulo ziti, ndipo awerenga ndi ndani.

Chachinayi chikukhudza Chichewa mwachindunji: amati ndi chiyankhulo cha alendo, chilibe malo m'sukulu ya ku South Africa. Gawo 6 la malamulo aakulu a dzikolo limalamula bungwe la PanSALB kulimbikitsa ulemu pa ziyankhulo zonse zoyankhulidwa ndi magulu a anthu okhala m'dzikomo. Zitsanzo zotchulidwamo ndi monga Chijeremani, Chigiriki, Chipwitikizi ndi ziyankhulo za ku India. Chiyankhulo cha anthu amene adakumba golide kwa mibadwo itatu sichitchulidwa, koma mndandandawo si wotseka. Zimbabwe idapita patsogolo mu 2013 pamene idaika Chichewa pakati pa ziyankhulo zake 16 zovomerezeka. Magazini ya ophunzira siyenera kudikira lamulo latsopano. Tsamba limodzi la Chichewa pambali pa la Chitswana ndi la Chixhosa, lokhala ndi chidule chomasuliridwa ndi anzawo a m'kalasi, n'lokwanira. M'dziko limene anthu 62 adaphedwa pa zipolowe zodana ndi obwera mu 2008, mwana amene wathera masana onse akumasulira nkhani ya mnzake yonena za ulendo wa bambo ake kuchokera ku Mangochi waphunzira chinthu choposa kompyuta.

Mlandu uli pakhomo pa akatswiri

N'kosavuta kuloza chala makampani a migodi ndi maboma. Koma mlandu waukulu uli m'madipatimenti a ziyankhulo za mu Africa. M'menemo muli akatswiri amene amalemba mabuku onse onena za Chichewa m'Chingerezi, amadandaula pa misonkhano kuti ziyankhulo zikufa, kenako n'kutulutsa aphunzitsi amene sadakonzepo ngakhale tsamba limodzi losindikizidwa m'chiyankhulo chimene akukaphunzitsa. Pamene South Africa idavomereza silabasi ya kalembedwe ka mapulogalamu ndi maloboti mu 2024, funso loti anawo adzalembamo chiyani, ndipo m'chiyankhulo chanji, lidali la akatswiri a ziyankhulo kuposa wina aliyense.

Nthawi nayo ikuthamanga. Google Translate idalandira Chichewa mu 2014 ndipo Chitswana mu 2024. Makina otere, pamodzi ndi amakono amene amalemba okha nkhani, amaphunzira kuchokera ku zolembedwa zimene apeza. Akapeza zochepa, kapena zomasuliridwa ndi makina anzawo, amabweza Chichewa chopindika, ndipo ana amachiwerenga n'kuchiyesa choyenera. Ku North-West University, malo a CTexT ndi SADiLaR akhala akukonza zounikira kalembedwe ndi nkhokwe za mawu za ziyankhulo zovomerezeka za South Africa. Chichewa sichili m'gulu limenelo, ndipo palibe chifukwa choyembekezera kuti a ku Potchefstroom achisenzere denga. Amalawi ena, monga a Edmond Kachale, adayamba kale ntchito yokonzera Chichewa zipangizo zotere, koma zipangizo zimadya zolembedwa, ndipo zolembedwa zabwino zimachokera kwa alembi ndi akonzi. Magazini iliyonse ya ophunzira yokonzedwa mosamala ndi nkhokwe ya Chichewa chamoyo, cha lero, chonena za basi ya ku Joni, lendi ya m'mikuku ndi mayeso, ndipo eni ake ndi anawo ndi sukulu yawo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Zofunika kuchita si zambiri. Wophunzira uphunzitsi wa chiyankhulo asalandire satifiketi asanatsogolere gulu kutulutsa magazini imodzi. Centre for Language Studies ionetsetse kuti malamulo a kalembedwe ndi mndandanda wa mawu a Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa 2000 zikupezeka mwaulere m'njira imene mapulogalamu angawerenge, kuti mphunzitsi wa ku Phokeng kapena ku Chipata asayambire pachabe. Mphunzitsi wa makompyuta ndi mphunzitsi wa chiyankhulo, amene m'sukulu zambiri amangopatsana moni, apatsidwe ola limodzi pasabata ndi gulu limodzi la ana. Malaibulale a mayunivesite a m'chigawo chino asunge magazini zimenezi monga momwe amasungira Odi. Ndipo mipingo ndi magulu a maliro a Amalawi okhala ku Joni, amene amatha kusonkha ndalama zotumizira mtembo kumudzi, alingalire zosonkhanso ya mapepala ndi inki. Migodi ya pulatinamu ikuchotsa anthu ntchito nthawi iliyonse mtengo ukatsika, ndipo mikangano ya malipiro, nyumba ndi madzi sidathe. Tsiku limene nkhani ina yaikulu idzabuke m'deralo, chiwerengero cha a Duncan chidzasintha pokhapokha pakhale achinyamata amene adaphunzira kale kufunsa, kulemba ndi kusindikiza m'ziyankhulo za anthu amene nkhaniyo ikuwakhudza.